Mpeni wa Mnzake wa Che Tahir

Che Tahir, mmisiri wokhoma maboti ku Lifuwu, anali atathyola mpeni wa akazi awo, mayi Tausi, potsegulira chitini cha penti m'bandakucha, pomwe kampango amene mayiwo ankati ang'ambe tsikulo anali kale m'njira pa boti kuchokera ku chilumba cha Mbenji. Dzuwa litakwera anathamangira kumsika, zidutswa za mpeniwo zili m'thumba, n'kukaima pabenchi ya Pitala wogulitsa ndi kunola mipeni, munthu woti ukamuuza kuti wafa ndi njala amakufunsa kuti mwambo wa maliro uli liti.

"A Pitala, ndipatseni mpeni. Wokhuthala. Wamphamvu."

"Wodulira chiyani, Che Tahir?"

"Chilichonse."

Pitala anayang'ana mipeni yake pachiguduli, umodziumodzi. "Wodula chilichonse ndilibe. Ulipo wa nsomba, wa nyama, wa masamba, ndiye chikwanje."

"Wa nsomba. Koma wokhuthala."

"Mwayamba geni ya nsomba? Maboti mwasiya?"

"Si wanga ayi." Che Tahir anatsokomola. "Ndi wa mnzanga. Mnzanga winawake wathyola mpeni wa mkazi wake. Mwangozi."

"Ayi, pepani." Pitala anavula chipewa. "Wathyoka bwanji?"

"Wangothyoka. Mipeni yopyapyalayi ndi choncho, umangoiyang'ana, thyo!"

"Anauyang'ana basi?"

"Anaugwirako pang'ono."

Che Tahir anatulutsa zidutswa zija n'kuziika pabenchi, maso ali kumbali. Pitala anazitola, kuzilumikiza, kuzinunkhiza.

"Nsomba yake inali yabuluu?"

"Nsomba yanji?"

"Pansonga pali zabuluu."

"Ndi penti! Amatsegula chitini cha penti."

"Ndi mpeni wa nsomba?"

"Unali pafupi."

Pitala anapukusa mutu. "Che Tahir, musandimvere kolakwika, koma mnzanuyo ndi wopusa."

Makutu a Che Tahir anatentha. "Wopusa ndani? Ndi munthu wanzeru ameneyo! Anthu amachoka ku Chinguluwe kudzamufunsa nzeru!"

"Za mipeni?"

"Za zinthu zina!"

"Eya, ndimadabwa."

"Wolakwa ndi mpeni. Chitsulo chanji chogonja kwa chivindikiro? Komanso chitinicho chinali chamakani, chinachita dzimbiri m'mphepete monse."

"Munalipo?"

"Ndimadutsa."

"Mumadutsa, n'kuona munthu akuzunza mpeni wa mkazi wake, osamuletsa?"

"Samva za anthu."

"Ndiye mwati ndi wanzeru?"

"A Pitala!" Che Tahir anamenya benchi, mipeni inalira ngwe. "Sindinabwere kudzazenga mlandu. Uwo uli kumapetowo, wa msana ngati khasuwo. Kulungani."

Pitala anaunyamula, koma sanakulunge. "Uwu ndi wabwino. Mutu wa kampango umadula kamodzi. Fupa la mbuzi, chinangwa, nzimbe, ayi ndithu sudandaula. Koma mayiwo amadula mitu kapena amang'amba?"

"Amang'amba. Nsomba yowamba."

"Ndiye uwu ayi. Wopyapyala umatsata msana wa nsomba, umapindika pomwe munga wapindika. Wokhuthala sufunsa njira, umangokankha. Mnofu wonse utsalira kuminga, makasitomala azidzagula mafupa."

"Koma suthyoka."

"Khasu nalonso silithyoka. Bwanji osawagulira khasu?"

"Mukundiseka?"

"Ayi, ndikufunsa. Makasu ali kwa a Luka uko."

Che Tahir anayang'ana dzuwa. Linali litakwera ndithu. M'maganizo mwawo anaona boti likukocheza, madengu akutsika, mayi Tausi akupisa dzanja padenga pomwe amasomeka mpeni wawo. Mayi Tausi sakalipa. Amangokhala chete, ndipo chete wawo amatha sabata.

"Taonani," anatero Pitala, akutulutsa tomato m'jumbo ya ndiwo zake. Anadutsitsa mpeni wopyapyala, tomato anagawika osadziwa n'komwe. Kenaka anatenga wina n'kumukanikiza ndi wokhuthala uja. Madzi ndi njere zinathovokera pamalaya a Che Tahir.

"Subhanallah! Malaya a Lachisanu!"

"Lero ndi Lachiwiri."

"Tomato wanuyo ndi wofooka!"

"Kampango ndi wofewa kuposa pamenepa. Koma dikirani, mpeni amasankha ndi dzanja. Dzanja la mkazi wa mnzanuyo ndi lotani?"

"Ngati la mayi a kunyumba kwanga."

"Mwaligwirapo?"

"Iyayi! Ndimangoona!"

"Mumayang'ana manja a akazi a eni?"

"A Pitala, Wallahi, mundidwalitsa mutu."

"Panado ali kugolosale. Nanga mnzanuyo amakhala kuti?"

"Kufupi ndi kwathu."

Nkhope ya Pitala inawala. "Kwanuko ndimadziwa aliyense! Ndi Che Binali?"

"Ayi."

"Zoona, Che Binali alibe mkazi. Che Ahmad? Koma akazi awo amagulitsa zitumbuwa, sang'amba nsomba. Ndiye ndi Che Muhammad! Iii, Che Muhammad, munthu wamkulumkulu!" Anaimirira n'kuika manja kukamwa, kuloza komwe amayi amagulitsa mpunga. "Mayi Karima! Mayi Karimaaa! Amuna anu athyola..."

Che Tahir anamudumphira n'kumukhazika pansi. "Khalani chete, inu! Mukufuna kupasula banja la eni?"

"Ndimati ndiwafunse kukula kwa dzanja."

"Si Che Muhammad!"

Mayi Karima anali atatembenuka kale, mbale yoyezera mpunga ili m'manja. Che Tahir anawagwedezera dzanja uku akumwetulira ngati munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi.

"Ndiye atsala ndani?" Pitala ankawerenga zala. "Kufupi ndi kwanu kwatsala chigayo ndi inuyo."

"Amakhala kuseri kwa chigayo."

"Kuseri kwa chigayo kuli dambo."

"Wangosamukirako!"

"M'dambo? Ndiye mavuto ali nawo ambiri bamboyo. Mpeni ndi waung'ono."

Che Tahir anakhala pa mpando wonolera, thukuta lili kamukamu. Kutali kunamveka injini ya boti. Mwina silinali la ku Mbenji, koma mtima wawo unati ndi lomwelo.

"Tamverani," anatero motsitsa mawu. "Tinolereni wokhuthalawo mpaka upyapyale. Ukhale wokhuthala, koma wopyapyala."

"Ndikaunola mpaka kupyapyala ukhala wopyapyala."

"Koma mumtima mwake ukhala wokhuthala."

"Mpeni ulibe mtima, Che Tahir. Uli ndi msana, mano ndi chogwirira."

"Nolani mbali imodzi basi!"

"Ina ija izidikira chitini?"

Che Tahir anayang'ana tomato wodulidwa bwino uja, anayang'ana njere pamalaya awo. Anapumira m'mwamba ngati munthu amene akugulitsa ng'ombe yake yomaliza.

"Chabwino. Sikuti mwandigonjetsa. Ndikungomvera chisoni mayiwo. Kulungani wopyapyalawo."

"Watha."

"Watha bwanji? Nanga uwo mwadulira tomatowo?"

"Uwu ndi wa eni. Anagula m'mawa, anangousiya kuti ndiunole. Abwera kudzatenga boti likafika."

"Ndani?"

"Mayi Tausi."

Che Tahir anagwira benchi. "Mayi Tausi ake ati?"

"Akazi anu. Mwawaiwala?"

"Ndiye nthawi yonseyi osanena bwanji?"

"Simunafunse za akazi anu, mumafunsa za mkazi wa mnzanu." Pitala anapukuta mpeniwo pa thalauza. "Komatu lero ndi tsiku la anzawo. Nawonso anati akugulira mnzawo. Akuti mwamuna wa mnzawoyo wathyola mpeni potsegula chitini cha penti, n'kubisa chitinicho kuseri kwa mtsuko, penti ili chuchuchu mpaka pakhomo." Anaima kaye, maso n'kutuzuka. "Che Tahir! Kapena mnzanu uja ndi mwamuna wa mnzawo wa mayi? Ndi banja limodzi limeneli!"

"Zitha kutheka," anatero Che Tahir ndi mawu a munthu wodwala malungo. "Anaoneka okwiya?"

"Amaseka."

"Kuseka kwake kotani?"

"Kwa mano."

Che Tahir sanadziwe ngati zimenezo zinali zabwino kapena ayi. Anadzuka, n'kuyamba kusuzumira njira yodutsa kuseri kwa mashopu.

"Dikirani, pali katundu wanu." Pitala anatenga mpeni wokhuthala uja, anaukulunga m'nyuzipepala n'kuupereka ndi manja awiri. "Anagulanso uwu. Anati kukabwera bambo aliyense wonena za mnzake, ndimupatse, akampatse mnzakeyo. Azitsegulira zitini zake, wa mkazi wake asaukhudzenso."

Che Tahir anamasula nyuzipepala ija. Anautembenuza mpeniwo uku ndi uku, anauyeza kulemera m'dzanja, anayesa msana wake ndi chala, n'kukwinya nkhope.

"Uwu? Wokhuthala chonchi? A Pitala, munthu angadule nawo chiyani umenewu?"