Mbiri ya Dokotala Evelesi Amosi, amene ankasandutsa siliva nthunzi

Malemu Dokotala Evelesi Amosi anabadwa pa 9 Malichi 1981 kuno kwa Makhuwira. Wowerenga mbiriyi ndine malume awo, Yobu, amene ndinayamba ndi njinga yogulitsira nsomba za ku Elephant Marsh, lero malole anga akufika ku Beira ndi ku Durban.

Sukulu anayamba mu 1987. Mu 1999 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, ndipo ndinawaperekeza ndekha pa lole yatsopano. Mu 2005 anakwatiwa ndi Bambo Lloyd Juma a ku Nchalo.

Mu 2012 anapita kukagwira ntchito ya kafukufuku wa sayansi ku Jeremani. Ine ndinakafika komweko, ndinaona ndi maso angawa. Ankaika kachidutswa ka siliva m'bokosi lotsekedwa, lodzaza mpweya, n'kukawomba ndi kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza. Silivayo ankasanduka nthunzi. Nthunziyo ikagundana ndi mpweya inkazirala, n'kumamatirana, n'kukhala fumbi losaoneka ndi maso. Akachulutsa mpweya, timibulu ta fumbilo tinkakula. Ankafuna kuti lidzaphe tizilombo m'madzi akumwa Shire akasefukira.

Chaka chatha anayamba kutsokomola ndi kubanika. Atisiya Lachiwiri lapitali.

Ndamva zonong'onedwa pasiwa pano, zoti chawapha ndi fumbi lomwelo. Ndinafunsa madokotala. Mmodzi anakana, ena anati sakudziwa. Ine ndakwera ndege mumkuntho osagwira mpando, koma nkhani iyi ikundinjenjemeretsa. Mwana wawo Luisa waitanidwa kukaphunzira ntchito yomweyi mwezi wamawa. Mlongo wanga, mayi a malemu, wandigwira mwendo kuti monga mwinimbumba ndimuletse. Koma malemu ali m'chipatala anandipempha kuti ndisadzamutsekere njira. Mayi akulirawo ndikuwaona. Amene anandipemphawo ali m'bokosi umu, sangabwerezenso mawu awo. Choncho ndikunena pamaso panu nonse kuti Luisa apita. Zikadzavuta, chala mudzaloze ine.

Malemu asiya amuna awo, mayi awo, ndi ana awiri, Luisa ndi Thokozani. Tikuthokoza amfumu, adzukulu amene alimbana ndi dothi louma chonchi, amayi a kwaya, ndi nonse amene mwabwera kudzatigwira dzanja.

Evelesi, mwana wa mlongo wanga, zimene munapempha ndachita. Mzimu wanu uuse mumtendere.