Padingi ya M'mapewa

Pasiteji ya minibasi ku Stabroek, bambo wina wowonda, jekete ili pamkono, ankadandaulira mayi wonyamula chikwama cha nsalu.

"Mwana wanga Shondell akukwatiwa Loweruka. Ndamuuza zimene ndikalankhule paukwatipo, iye akuti zonsezo ndi padingi. Kodi si kunditukwana kumeneko?"

"Ayi bambo, ine ndine telala. Padingi ndi kathonje kofewa kamene timaika m'mapewa a jekete, kuti owonda ngati inuyo azionekako."

"Mwandiyambatu, mayi!"

"Ngakhale osewera kiriketi amamanga padingi m'miyendo. Koma polankhula, ndiye kuzungulira poopa pamene pakupweteka. Munayambira pati?"

"Pa agogo anga, mmene ankadulira nzimbe ku Berbice."

"Mayo ine, chakudya chidzazizira! Mukawachotsa agogowo, chitsale n'chiyani?"

Bamboyo anayang'ana pansi.

"Chakuti mayi ake a Shondell atamwalira, ndinaphunzira ndekha kuluka tsitsi. Ndinkamuluka zokhotakhota, koma kusukulu ankapita monyadira."

"Basitu, kaneneni zomwezo."

"Ndikalira pagulu."

"Kalireni. Bweretsani jeketeyo kuno, ndikuikireni padingi yokwanira. Mapewa akamakagwedezeka, palibe amene akaone."