Madiresi Akunja pa Tebulo la Azakhali

Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku anayi kuti mwana wawo wamkazi akwatiwe, a Mita anafika pa shopu ya telala atanyamula katoni paphewa. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi zaka makumi atatu, ndipo telalayo anali mlongo wawo wamkulu, azakhali a mkwatibwi, amene kwa miyezi iwiri ankangowayankha moni wokha.

Chifukwa chake chinali m'katonimo. Mkwatibwi anasoketsa madiresi asanu ndi limodzi a atsikana omuperekeza kwa telala wina wa kunja kwa dziko, amene anamupeza pa foni. Madiresiwo anali atafika dzulo lake, atsikana anayesa, mkwatibwi n'kuyamba kulira.

A Mita anatsitsa katoni pa tebulo lodulira nsalu. Azakhali sanatukule mutu, phazi linkapondabe makina.

"Mwabwera kudzasoketsa chiyani, bambo? Ife kuno timangoika zigamba."

"Zigamba ayi, achemwali. Ndi madiresi aja. Akula."

"Akula? Mumawadyetsa chiyani?"

A Mita anafotokoza kuti sanawadyetse kanthu, anangofika choncho. Anati atsikana onse akavala, mapewa akugwa, m'chiuno mukutsala malo, ndipo wamng'ono pa onse akayenda akuponda mpendero.

"Ndiye ine ndine ndani kuti ndigwire nsalu yokwera ndege?"

"Ndinu achemwali anga. Komanso sinakwere ndege yokha. Kuchokera ku bwalo la ndege inakwera galimoto."

Makina anaima. Azakhali anawayang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako anawauza kuti abweze katunduyo kwa mwini wake akakonze yekha, poti ndi amene amadziwa kusoka. A Mita anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, n'kuwerengetsa ndi pensulo. Anapeza kuti kupita ndi masabata atatu, kubwera masabata atatu, pamene ukwati ndi Loweruka.

"Ndiye musunthe ukwatiwo."

"Eya, nazonso n'zotheka." A Mita anatulutsa foni. "Ndiyambe ndauza a kuchimuna kapena eni holo?"

"Iwe, bweza foniyo m'thumba."

"Mwati tisunthe."

"Ndati bweza."

Anabweza. Azakhali anadzuka ngati akukatenga lumo pa tebulo, koma dzanja linathera m'katoni. Anatulutsa diresi limodzi ndi zala ziwiri, ngati chinthu chotola pamsewu, n'kulitambasula pafupi ndi zenera. Linali lobiriwira, nsalu yake yoterera, yolemera bwino m'manja.

"Hmm. Umu mukhoza kulowa anthu awiri."

A Mita anaganiza kaye. Anati ngati zili choncho ndiye kuti madiresi atatu akwanira, enawo asungidwe, kungoti sakuona kuti atsikanawo akayenda bwanji awiriawiri pakati pa mipando, chifukwa njira ya m'holomo ndi yopapatiza.

"Ameneyu anasoka ndi mapazi?"

"Mwina. Inunso mumaponda ndi phazi."

"Kapena ndi wakhungu?"

"Pa chithunzi chake sanavale magalasi. Koma ndikhoza kumufunsa."

"Umufunsedi," azakhali anatero, akuponya diresilo pa tebulo. "Ndipo umufunse zambiri. Tenga kabuku kakoko. Timulembere kalata munthu ameneyu, adziwe kuti kunonso kuli anthu a maso."

A Mita anakhala pa kampando ka makasitomala, anatsegula tsamba latsopano, n'kulemba deti pamwamba. Anafunsa ngati ayambe ndi "Wokondedwa". Azakhali anati sakumukonda. Anafunsa ngati ayambe ndi "Wolemekezeka". Azakhali anati sakumulemekezanso. Anagwirizana zongoyamba ndi "Inu".

Azakhali ankayendayenda pakati pa tebulo ndi makina, manja kumbuyo, akunena mawu amodziamodzi. Anati alembe kuti telala weniweni amayamba wadziwa tepi yake asanagwire lumo. Alembe kuti munthu wosasamala poyeza asamayandikire nsalu za ukwati wa ana a eni. Alembe kuti chifukwa cha iye mwana wabwinobwino wagona akulira.

"Sanagone akulira. Analira masana."

"Lemba kuti analira."

"Ndalemba kuti masana."

"Ulembenso kuti mwana ameneyu ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba ine, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Diresi la tsiku limene anamaliza sukulu, ine. Siketi imene anavala pokafunsira ntchito, ine. Palibe ndi limodzi lomwe limene linamugwa m'mapewa."

Pensulo inaima. A Mita anafunsa ngati zimenezo telala wa kunjayo akufunika kuzidziwa, poti yunifolomuyo sanaione. Azakhali anayang'ana kukhoma kumene kunapachikidwa ulusi wa mitundumitundu, n'kunena motsitsa kuti alembe basi, wofunika kumva amva.

Kenako anati kalata yopanda manambala ndi miseche chabe. Anavula tepi yachikasu imene inkakhala m'khosi mwawo tsiku lonse, n'kuuza mlongo wawo kuti alowetse manja m'diresi alitambasule m'chiuno. A Mita anaika pensulo kukhutu, n'kuima pakati pa shopu manja ali m'diresi lobiriwira. Mayi wina wodutsa panja anasuzumira pakhomo, anayang'ana, n'kupitiriza ulendo wake osafunsa kanthu.

Pa kolala panali kapepala kosonyeza kuti diresilo ndi la wamng'ono uja. Azakhali anazunguliza tepi, n'kutsina ndi chala pamene yakumana.

"Wamva? 31. Mwana uja chiuno chake ndi 28, ndimachidziwa ngati changa. Lemba kuti waonjeza mainchi atatu athunthu."

A Mita anatulutsa manja m'diresi, anatsegula masamba akumbuyo a kabuku, n'kutsetsereka ndi chala pamndandanda.

"Ife tinatumiza 31."

"Unatumiza chiyani?"

"31. Nayi apa. Wasoka ndendende."

Azakhali anati ndiye kuti analemba molakwa. A Mita anayankha mofatsa kuti pa zaka makumi atatu sanalembepo nambala yolakwa, ndipo eni nyumba amene ankakangana nawo ankathera kupepesa. Anawerama kuyang'ana pamene chala cha azakhali chinatsina.

"Komanso apa tepi sikunena 31, achemwali. Ikunena 34."

"Uchotsepo atatu."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndi tepi yanga."

A Mita anadikira. Azakhali anafotokoza mwachidule, ngati akuuza mwana chinthu chodziwika, kuti kalekale anaidula kumutu mwangozi pamodzi ndi nsalu ya makatani, moti imayambira pa 3. Iwo akayeza amachotsa atatuwo m'mutu, pakamwa pamatuluka nambala yoona. Anati aliyense amadziwa zimenezo.

"Ine sindimadziwa."

"Ndiye ukanamvera zimene ndinkanena tsiku loyeza lija."

"Simunanene kanthu."

Tsiku limenelo onse awiri ankalikumbukira bwino. Mkwatibwi anabweretsa atsikana ake kuti azakhali angowayeza, manambala atumizidwe kunja. Azakhali anayeza onse asanu ndi mmodzi milomo ili yotseka, atalumira mapini atatu amene sankawafuna n'komwe. Ankangotsina tepi n'kuyang'ana kudenga.

"Ndinakufunsani kuti ndilembe chiyani," a Mita anatero. "Munati, 'Werenga wekha, si iwe wodziwa kuwerenga?' Ndinawerenga."

"Sunaone kuti tepi ikuyambira pa 3?"

"Ndinaona."

"Unaona?"

"Eya. Ndinadabwanso."

"Nanga bwanji sunachotsere?"

"Ife a mamita timalemba pamene yaima. Kuchotsera kumachitikira ku ofesi."

"Ofesi yake iti?"

"Tsiku limenelo ofesi munali inu. Koma inali yotseka."

Azakhali anakhala pansi pang'onopang'ono. Anakoka diresi lija, analitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuyamba kulondola msoko ndi chikhadabo kuchokera kukhwapa mpaka kumpendero. Anakoka zipi kukwera ndi kutsika kawiri. Anayang'ana mmene nsalu yamkati anaigonekera. Ankafuna pamene ulusi wadumpha, koma sanapapeze.

"Dzanja ali nalo," anatero mosafuna.

"Ndilembe?"

"Usalembe."

Kenako azakhali anafunsa, maso ali pa nsalu, ngati mkwatibwi ndi amene wawatuma kapena angobwera okha. A Mita anati ndi mwanayo. Atasiya kulira anapukuta m'maso n'kunena kuti katoniyo ipite kwa azakhali, palibenso wina angathe kubweza madiresi asanu ndi limodzi pa masiku anayi osaoneka kuti anagwidwapo.

"Lero wandikumbuka. Poyamba paja anandiona wa zigamba."

"Ayi, sanatero. Anati ukwati wa mkulu wake munasoka sabata yathunthu osapuma, tsiku la ukwati munatupa miyendo, munakhala kumbuyo nsapato mutavula, pa zithunzi simukuonekapo. Anati ulendo uno akufuna mukhale kutsogolo pafupi ndi mayi ake, mutavala bwino, musanatope. N'chifukwa chake anatumiza kunja."

Azakhali anavula magalasi.

"Ananena liti zimenezo?"

"Miyezi iwiri yapitayo. Tili pa tebulo."

"Ndipo iwe unakhala nazo chete miyezi iwiri?"

"Simunandifunse. Munkangoti 'ndili bwino, kaya iwe'. Ndinkayankha."

Azakhali anapukuta magalasiwo ndi kansalu kotsala podula, nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Anati fumbi la choko likuwalowa m'maso. A Mita anayang'ana choko chimene chinali m'kachitini kotseka, koma ulendo uno anangobweza maso pa kabuku.

Atavalanso magalasi, mawu awo anali a ntchito. Anati atsikana onse abwere mawa m'mawa, aliyense atatenga nsapato zimene adzavale pa ukwati. Anati a Mita apite kukagula ulusi wobiriwira wofanana ndi nsaluyo, atenge lamba wa diresi akayerekezere, asakagule wa m'mutu mwawo. Anawonjeza kuti agulenso tepi yatsopano.

"Yoyambira pati?"

"Pa chiyambi, iwe."

A Mita analemba zonse. Azakhali anali atayamba kale kumasula msoko woyamba ndi kalumo kakang'ono, ulusi ukugwera pamiyendo pawo. Anati miyendo ikatupanso adzakhalabe kutsogolo, nsapato adzavulira pansi pa tebulo, wojambula ajambule kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba.

Atafika pakhomo, a Mita anabwerera. Anatsegula kabuku n'kufunsa kuti nanga kalata ija atani nayo. Anaiwerenga mokweza kuti atsimikize: kuti telala weniweni amayamba wadziwa tepi yake, kuti munthu wosasamala poyeza asamayandikire nsalu za ukwati wa ana a eni, kuti chifukwa cha iye mwana analira masana.

"Wa kunja uja musiye," azakhali anatero, osasiya kumasula. "Koma mawuwo asatayike, ndi oona. Kalatayo ipite kwa amene anawononga manambala. Ukumudziwa."

Ananena izi akuwayang'anitsitsa mlongo wawo pamwamba pa magalasi, kuti uthenga ulowe. A Mita anagwedeza mutu kuvomera. Anang'amba tsambalo mosamala, analipinda kanayi, anadutsa pakati pa shopu, n'kuliika pa makina, pafupi ndi dzanja la azakhali.

"Sitampa siyofunika, achemwali. Yafika."