Jekete ya Callum

— Halo? Hilary?

— Halo, ndani? Kukungomveka mphepo.

— Ndine Desmond. Tidakali kumapiri kuno, kojambula filimu. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu? Ana ali bwanji ku Leeds?

— Ali bwino. Nanga bondo lija?

— Likuwawabe. Nenani msanga bwana, ndili pa mashini, madiresi a mawa sanathe.

— Ndi za jekete ya Callum, uja amamenyedwa m'malo mwa katswiri wathu. Dalaivala afika nayo pompano. Musokereremo chikopa chotchinga pachifuwa.

— Chikopa ndinasokerera kale, chokhuthala bwino.

— Ndinachichotsa. Pa kamera amaoneka ngati thumba la mbatata.

— Mwati chiyani?

— Lupanga linali lobuntha, Hilary. Koma hatchi ya womubayayo inabwera ndi liwiro, basi lamulowa Callum pansi pa nthiti.

— Mayo ine. Ali kuti?

— Kuchipatala, akupeza bwino. Apolisi akufuna jeketeyo madzulo ano. Akaipeza yopanda chikopa, filimu yatsekedwa, tonse ntchito yatha.

— Ndiye ndibise nyansi zako ndi singano yanga? Iwe Desmond, mutu wako ukuyenda?

— Mukakana ndinena kuti munaiwala ndinu. Simudzasokanso ngakhale batani m'dziko muno.

— Yesa. Bwera udzanene pamaso panga, ndikung'ambe kukamwako ndi sizasi, galu iwe. Zaka makumi atatu ndikuveka anthu, palibe anakandikapo ndi pini yomwe.

— Mtima pansi, mayi. Ndi ntchito yaing'ono...

— Khala chete, dalaivala wafika. Ikani patebulopo, bambo. Tsegulani thumbalo.

— Mwaiona? Mungoboola chikopacho pamene pali bowo, ziziwoneka ngati...

— Ikudontha, Desmond. Mpaka m'matumba mwadzaza.

— Ena ndi magazi athu opanga aja.

— Opangawo ndimasakaniza ndine, amanunkhira shuga. Awa akununkha chitsulo. Munthu sataya ochuluka chonchi n'kumapeza bwino. Bambo, musazimitse galimoto, tikupita nayo kupolisi mmene ililimu.

— Hilary, ganizani kaye za...

— Mkazi wake mwamuimbira?

— Sitinafikepo.

— Callum ali moyo?

— Halo? Mukudukaduka, netiweki...

— Ukundimva bwinobwino. Ali moyo?

— Halo... Hilary, anatisiya pomwepo, ndinali ndisanazimitse n'komwe kamera.