A William Kalilangwe, Obadwa 1951 Kapena 1958

"Werenga zimene zili pa chiphaso, 1958, usatichititse manyazi pa anthu." Awa ndi mawu a amalume anga a Solomon, mwana woyamba wa malemu. Agogo a Elsie, mlongo wa malemu, anayankha kuti, "Ine ndine wa 1954, ndipo achimwene ankandibereka kumsana. Anabadwa bwanji pambuyo panga?" Mkanganowu unayamba Lachitatu, ndipo wolemba mtanda wakhala akudikira ndi penti yake kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa.

Abusa, akulu a mpingo, anamalira nonse, ine ndine Luso, mdzukulu wa malemu amene anandilera kuno ku Chibanja. Ndamaliza Folomu 4 chaka chathachi. Akuluakulu atalephera kugwirizana anandipatsa ine cholembera, ndiye mundikhululukire ngati mbiriyi siyenda monga munazolowera.

Malemu bambo William Fyson Kalilangwe anabadwira m'mudzi wa Mphanda, m'boma la Ntchisi. Anali achiwiri m'banja la ana asanu. Ubwana wawo wonse anaweta ng'ombe za amalume awo, moti Sitandade 1 anayamba mu 1965 ali mnyamata wotalika kuposa benchi. Aphunzitsi ataona kuti mutu ulipo koma zaka zachuluka, anaopa kuti sadzasankhidwa kupita ku sekondale. Anachotsapo zaka zisanu ndi ziwiri m'kaundula. Kuchokera tsiku limenelo, satifiketi, kalata ya ntchito, chiphaso cha unzika ndi pasipoti, zonse zinatsatira cholembera cha aphunzitsi aja.

Atamaliza sekondale mu 1976 analowa ntchito m'nthambi ya boma yoona zanyengo. Anayambira ku Kasungu, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi agogo a Alice. Tsiku lina agogo anabisala mvula pakhonde la ofesi yawo. Malemu anatuluka, anayang'ana kumwamba mwaukatswiri, n'kuwauza kuti ikata pakatha mphindi khumi. Inagwa maola atatu. Anakwatirana mu 1979. Ine anyamata amasiku ano akandilembera uthenga pafoni, ndimakumbuka khonde limenelo n'kungoufufuta.

Mu 1983 anawatumiza kuno ku Mzuzu. Zaka makumi atatu ndi zisanu ankadzuka m'chifunga kukayeza mvula, osaphonya ngakhale dontho. Anapuma ntchito mu 2018. Mu mpingo wa CCAP anali mkulu wa mpingo, ndipo m'kwaya ankaimba besi m'Chitumbuka cha ku Ntchisi chimene anzawo ankaseka, iwo n'kumangowonjezera mawu.

Matenda anayamba mu 2022. Kuchoka kumsika mpaka kudepoti ankaima katatu. Miyendo inatupa, nsapato za kutchalitchi zinakana. Madokotala anapeza zinthu ziwiri: mtima unkagunda mosalongosoka, komanso unali utafooka, sunkapopa magazi okwanira. Mankhwala atalephera, mu 2024 anapita ku chipatala china ku India, amalume a Solomon ali owasamalira. Kumeneko amalowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa pantchafu mpaka kukafika mumtima, n'kuwotcha timalo timene timasokoneza kagundidwe.

M'ndege yomweyo munalinso a Frackson Nyirenda a ku Chibavi, a zaka 48, matenda ake omwewo. Chipinda chimodzi, dokotala mmodzi, tsiku limodzi. Dokotala anafotokoza kuti chithandizochi chimathandiza kwambiri anthu amene zaka sizinapite patali, ndipo kwa okalamba amene mtima wafooka kwa nthawi yaitali, kugunda kosokonekera kumakonda kubwerera. Kenako anafunsa zaka. Amalume anatsegula pasipoti n'kuyankha kuti 66. Malemu anali ndi zaka 73, ndipo sanatsegule pakamwa.

Malemu ndi a Frackson anabwerako onse awiri akumwetulira. Miyezi inayi agogo anayenda okha mpaka kutchalitchi. Mwezi wachisanu mtima unayambiranso.

Pano ndinene zimene sizinenedwa pamaliro. Ndakhala ndikuwachitira nsanje a Frackson. Iwo anabwerera panjinga yawo yamoto, n'kumadutsa pano m'mawa uliwonse akuimba hutala, "Monire adada, muli uli?" Agogo ankakweza dzanja ali pampando, akupuma ngati athamanga. Ine ndinkalowa m'nyumba. Mu Disembala kunali chinkhoswe cha mwana wawo Rejoice, amene anali patsogolo panga kusukulu. A Frackson anavina ola lathunthu, jekete ili paphewa, anthu akuwaombera m'manja. Ndinawerenga nyimbo: zisanu ndi zinayi. Agogo anga tsiku limenelo analephera kumanga zingwe za nsapato. Ndinachoka chakudya chisanagawidwe, ndipo Rejoice sindinamuyankhulenso mpaka lero. Ine wodzandifunsira sanaoneke n'komwe, koma nyimbo yodzavina ndi agogo ndinali nditasankha kale.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa agogo mokwiya chifukwa chake Mulungu anakondera. Anaseka mpaka kutsokomola. "Sanakondere, mama. Frackson ndi mwana. Ine funso la dokotala ndinalimva bwinobwino, koma ndinaopa kuti ndikanena zoona andibweza ndi mapiritsi. Ndinafuna ndiyese nawo limodzi ndi anyamata." Ndi tsiku limenelo pamene ndinamva za ng'ombe ndi kaundula wa aphunzitsi.

Amalume, inu simunadziwe. Munawerenga zimene munapatsidwa. Dokotala amene ankawaona kuno anatiuza kuti ngakhale aku India akanadziwa, mwina akanachitabe, kungoti akanatichenjeza kuti tisayembekeze zambiri. Palibe akukulozani chala. Ndipo a Frackson, ndakuonani kuyambira Lachitatu mukutuma anyamata nkhuni ndi kunyamula mipando. Yewo chomene. Nsanjeyo sinathe, ndisakunamizeni, koma moni wanu ndiyamba kuyankha.

Malemu anagonekedwa m'chipatala pa 3 Marichi chaka chino cha 2025, madzi atadzaza m'chifuwa. Anatisiya Lachitatu pa 12 Marichi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, agogo a Alice atawagwira dzanja. Kunja kunkagwa mvula yamawawa.

Asiya mkazi wawo, mayi Alice Kalilangwe, ana atatu, a Solomon, a Tiyanjane ndi mayi anga a Sarah, adzukulu asanu ndi awiri, mdzukulutuvi mmodzi, ndi mlongo wawo a Elsie.

Chatsala ndi chaka chobadwa. Masiku atatu onsewa agogo a Alice anangokhala pamphasa pafupi ndi bokosi, osalowerera. Palibe anawafunsa. Lero m'mawa ine ndinatopa nazo, ndinagwada pambali pawo n'kufunsa kuti ndilembe chiyani. Anakweza mutu n'kunena mokweza kuti amalume amve ali pakhomo:

"Anandiuza zaka zawo zenizeni pakhonde lija, mvula isanakate. Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa 1951. Wa 1958 ndi wa boma, boma likamuike lokha. Ine ndikufuna ndiike wanga."

Choncho bambo William Fyson Kalilangwe anabadwa mu 1951, ndipo amwalira ali ndi zaka 74. Wolemba mtanda, yambani.

Agogo, zaka zanu zonse takubwezerani. Apumule mu mtendere wa Ambuye.