Kubweza nyama ya Idi

Loweruka pa siteji ya Namitete tinapsa ndi dzuwa m'minibasi yosadzaza, kondakitala wake wabodza akungoti tinyamuka pompano. Kumbuyo kwanga bambo wina wa jumbo yodontha anayamba kucheza ndi mayi wovala hijabu.

"Mayi, inu Asilamu mwandichititsa manyazi."

"Talakwanji, bambo?"

"Pa Idi ana a neba wanga anabwera ndi mwendo wa mbuzi. Ndinati mwasochera, ine ndine Mkatolika. Iwo akuti ayi, ku madrasa shehe amatiphunzitsa kuti mnansi ndi mnansi, kaya amapemphera kuti."

"Amaphunzitsadi zimenezo. Wanga wamng'ono amandidzudzula ndikangonyoza a mpingo wina."

"Ndiye lero ndikukabweza. Sindingadye za eni n'kungopukuta pakamwa."

"Mwaganiza bwino. Mwagula yanji?"

"Yonona kwambiri. Ogulitsa akuti inkadya madeya okhaokha."

"Madeya? Kodi bambo, nyamayo ili moyo inkalira bwanji?"

"Inkalira ngati nkhumba iliyonse."

"Ana aja akagwada, akathokoza, poti anaphunzitsidwa ulemu. Mukangotembenuka akataya kudzala pamodzi ndi mbale yomwe."

"Mayo ine. Ndiye nditani?"

"Tsikani mukagule nkhuku yamoyo, akachinje okha. Musaope kutsala, galimoto iyi sinyamuka lero."

"Nanga iyi ndithana nayo ndekha? Simungatengeko ngakhale kanthuli kamodzi?"

"Shehe anati tizilemekeza chipembedzo chanu, bambo. Sanati tizikuthandizani kutafuna."