Mikeka Isanu ndi Iwiri ya Bambo Tekaiwa

Malemu amene agona pakati pathuwa, bambo Tekaiwa Burentau, anabadwa pa 14 Ogasiti 1951 m'mudzi uno wa Tabonikua. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi la malemu bambo Burentau ndi malemu mayi Kinateao. Ine amene ndaima panone ndine Ioteba, mlamu wawo, pakuti anakwatira mchemwali wanga. Abanja andituma kuti ndinene mbiriyi monga momwe inalili, osachotsapo zowawa, ndipo ndikupempha Ambuye kuti andisungire pakamwa.

Sukulu anayamba mu 1958 pa mishoni, kuseri kwa tchalitchi chathuchi. Anaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi, kenaka anasiya chifukwa bambo awo anayamba kudwala maso ndipo bwato linkasowa wopalasa. Mu 1972 anapita ku chilumba cha Nauru kukagwira ntchito ku migodi ya miyala ya fetereza, monga anachitira amuna ambiri a msinkhu wawo. Atabwera kutchuthi mu 1976 anamanga ukwati woyera ndi mayi Teaoia, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Anabwerera kwawo kuno mu 1984 ndi njinga, makina osokera a akazi awo, ndi chifuwa cha fumbi chimene sichinawasiyenso.

Kuyambira pamenepo anakhala monga tonsefe: kupha nsomba, kuyanika kokonati, kusamala dzenje lawo lolimamo babai, chilazi chathu chija cha m'madzi, ndi kugoma uchema m'mawa ndi madzulo. Pamwamba pa mtengo wa kokonati ankayimba, ndipo sindinama ndikati mawu awo ankathamangitsa mbalame. Koma amayi ambiri muli panomu mukukumbukira kuti mutangobereka munkapeza chigoba cha uchema wozuna chitapachikidwa pakhomo panu dzuwa lisanakwere. Sankagogoda, ndipo mukawathokoza ankayang'ana kumbali ngati mwawanyoza.

Mu 2011 mudzi unawasankha kukhala khansala wathu ku khonsolo ya chilumba. Mchemwali wanga atamva anaseka mpaka kukhala pansi, nati: "Inu ukhansala? Munthu wolephera kukaniza nkhuku kulowa m'nyumba?" Tonse tinaseka naye. Sitinadziwe kuti wanena chinthu cholemera.

Nthawi imeneyo anthu anali atatopa. Thirakita ya khonsolo inali itakhala pamiyala zaka zitatu, nkhuku zikuikiramo mazira. Kachipatala kathu kankatha miyezi kalibe ngakhale bandeji. Chilichonse chimene tinkafunsa, yankho linali lakuti chikubwera pa sitima yapamadzi yotsatira. Koma chimene chinkapweteka kwambiri chinali manda athu akale a kumalire kwa mudzi, amene nyanja inali kuwayandikira chaka ndi chaka. Malemuwa analonjeza chinthu chimodzi chokha m'maneaba muno, nyumba yathu ya misonkhano momwe takhalamu: khoma lotchinga manda. Anapita ku misonkhano yonse pa njinga yawo, ngakhale ija imene inkalephereka chifukwa makhansala anzawo apita ku maphunziro ku likulu ku Tarawa. Anavutitsa aliyense mpaka mu Juni 2014 simenti inafika.

Inafika theka lokha. Inafikanso ndi kalata yoletsa kuyamba ntchito mpaka atabwera katswiri wa zomangamanga kudzaonetsa pokumba maziko. Popeza nyumba yosungira katundu ya khonsolo inali yothonya, matumbawo anawasungitsa kwa khansala, pansi pa denga lawo. Katswiri uja sanabwere mwezi umenewo, kapena wotsatirawo. Mphepo yamchere inayamba kuumitsa matumba apamwamba. Ndipo mwezi uliwonse ukakhala wathunthu, madzi a m'nyanja ankakwera n'kulowa m'makhitchini a anthu a kugombe, n'kuzimitsa moto, n'kunyowetsa mphasa za ana.

Tonse tikudziwa kuti munthu akabwera pakhomo pako, n'kukhala pansi, n'kunena kuti wabwera ndi bubuti, sumubweza chimanjamanja. Chimene wapempha umapereka, ngakhale litakhala bwato lako, ndipo wokana amasanduka mlendo pakati pa abale ake. Woyamba kupita ndi bubuti kwa malemuwa ndinali ine. Ndinapempha matumba atatu kuti nditchinge khitchini yanga. Iwo anati: "Mlamu, mukudziwa kuti izi ndi za akufa." Ine ndinayankha kuti akufa saphika. Mawu amenewo ndinawanena ndine, ndipo zaka khumi zadutsa ndisanawanenenso pamaso pa anthu. Anandithandiza okha kukweza matumbawo pa wilibala.

Ena ataona khitchini yanga youma, nawonso anapita. Sinditchula maina. Aliyense anali ndi vuto lenileni, aliyense anakhala pansi monga mwa mwambo, ndipo palibe amene anabwezedwa. Malemuwa sanatenge ngakhale thumba limodzi la iwo eni, ngakhale madzi ankalowanso kwawo. Ankati simenti yotsalayo ikafika pa sitima, khoma lidzamangidwabe. Pofika Khirisimasi pansi pa denga lawo panalibe kanthu.

Mu Malichi 2015, masana a tsiku lina Lachisanu, dzuwa likuwala bwinobwino, mafunde aakulu anakwera. Makhitchini athu anapirira. Manda sanapirire. Madzi ataphwa tinapeza mizere iwiri ya kugombe itapita, mitanda ili mumchenga, mabokosi ataphwasuka, ndipo abale athu atamwazikana kuyambira kumalire mpaka pafupi ndi tchalitchi. Mudzi wonse unatuluka kukatola. Amene anadziwika ndi mphete, kapena ndi mtundu wa nsalu, kapena ndi dzino lagolide, abale awo anawatenga n'kukawaika pafupi ndi nyumba zawo. Koma ambiri anali atasakanikirana, a Katolika ndi a mpingo winawo, amuna ndi akazi, ndipo panalibe banja lofuna kuika mlendo pakhomo pake n'kumamutcha agogo.

Pakati pa manda amene anapita panali a kamtsikana ka mayi Bwenaua, dzina lake Teiti, kamene kanamwalira mu 2009 kali ndi zaka zinayi. Mayi Bwenaua sanapemphepo simenti kwa munthu aliyense. Pa msonkhano umene unachitika muno sabata yotsatira, anaimirira pamene amayi saimirira, nati: "A khansala, mwana wanga ali kuti? Munampatsa ndani? Nayenso anachita kubwera ndi bubuti?" Malemuwa akanatha kuloza anthu oposa makumi awiri amene tinakhala pomwepo titazolika. Sanaloze aliyense. Anangonena kuti simentiyo inali m'manja mwawo, ndipo anatula pansi ukhansala tsiku lomwelo. Kuchokera apo anyamata ankawaitana kuti a Khoma akamadutsa pa njinga, ndipo iwo ankayankha moniwo ngati ndi dzina lawo. Mayi Bwenaua sanawayankhulenso. Ndipo kumtengo kuja sitinamvenso nyimbo.

Mafupa opanda mwini anawatenga ndiwo. Anawatsuka ndi madzi a mvula, n'kuwadzoza mafuta a kokonati monga ankachitira makolo athu, n'kuwakulunga m'mikeka isanu ndi iwiri imene mchemwali wanga analuka osafunsa funso. Anaiika pa thandala m'nyumba yawo yogona. Tsiku lililonse madzi akaphwa ankayenda m'matanthwe ndi kadengu, maso ali pansi, ndipo nthawi zina ankabwera ndi kafupa kamodzi m'manja. Mafupa aang'ono anawaika mumkeka wawokha. M'mizere ija munali ana awiri, choncho sakanatha kunena kuti ndi a ndani.

Mu 2016 anapereka malo awo a kumtunda, pafupi ndi dzenje lawo la babai, kuti akhale manda atsopano a mudzi. Khonsolo inayamika, koma inati pafunika woyeza malo ndi mkulu wa zaumoyo adzaone kaye ngati malowo atalikirana ndi zitsime. Malemuwa anayeza okha ndi mapazi, anapeza kuti atalikirana, koma mapazi awo analibe chidindo. Anayamba kupita ku ofesi Lachiwiri lililonse. Kalaliki wa kumeneko, mwana wa anthu, ankati akawaona: "Agogo, mwabweranso? Ndinati Lachiwiri lamawa." Iwo ankati: "Mwana wanga, lija linali lamawa ndi lino. Kapena kwanu kuli Lachiwiri lina limene ife sitilidziwa?" Ndinene chilungamo, kalalikiyo ankawapatsa mpando wake weniweni, iye n'kukhala pa bokosi, ndipo ankagawana nawo tiyi. Kalalikiyo analembanso makalata ambiri. Mphamvu zake zinkathera pa sitima, monga zathu.

Mudzi unasintha makhansala kawiri, ndipo onse pofuna mavoti ankatchula manda atsopano. Mikeka inakhalabe pa thandala.

Mchemwali wanga anatisiya pa 2 Novembala 2019, ndipo anaikidwa pakhomo pawo. Ana anapempha bambo awo kuti asamuke, akakhale ndi mmodzi wa iwo. Anakana. Tsiku lina ndinawafunsa ngati anthu a pa thandalawo amawasowetsa mtendere. Anati: "Ayi mlamu, savuta. Amangodikira. Ndikamadya amadikira, ndikamachoka amadikira, ndikabwera ku ofesi ndimalowa mozemba ngati mwana wolephera mayeso. Akanakhala olalata bwenzi zili bwino." Lamulungu lililonse akachoka ku Misa ankawauza a pa thandalawo zimene wansembe walalikira. Ena ankati mutu wawo wasokonekera. Ine ndinakhala nawo pafupi, ndipo sindinaone munthu wamaganizo abwino kuposa iwo.

Panali zina zazing'ono zimene ndinaziona m'zaka zimenezo. Panali amene ankasiya nsomba pakhomo pawo osagogoda. Panali amene anawakonzera tcheni cha njinga osalandira kanthu. Botolo la mafuta a kokonati linkapezeka pa mwala wa pakhomo nthawi ndi nthawi, ndipo sitinadziwe mwini wake. Tinali anthu amanyazi, ndipo tinkapepesa ndi zinthu chifukwa pakamwa panali polemera.

Mu 2022 anawapeza ndi matenda a shuga. Chaka chino mu Epulo anaponda chigoba cha nkhono m'matanthwe muja, ndipo chilonda cha kuphazi sichinapole. Namwino wathu anachita zonse zimene akanatha ndi zochepa zimene anali nazo, mpaka kubwera kunyumba pa nthawi yake yopuma. Anati afunika kupita ku chipatala chachikulu ku Tarawa. Malemuwa anafunsa kuti anthu awo a pa thandala atsala ndi ndani. Ana atawakakamiza anavomera, koma malo pa ndege yaing'ono anasowa kawiri, ndipo kachitatu anali atafooka kwambiri. Analandira masakramenti, ndipo anamwalira Lolemba pa 15 Julayi 2024, cha m'ma 10 koloko m'mawa, m'nyumba yawo, ali ndi zaka 72.

Masiku atatu asanamwalire kunabwera kalata yochokera ku khonsolo, yonena kuti woyeza malo akubwera pa sitima yotsatira. Ndinawawerengera. Anamwetulira, nati: "Mudzamulandire bwino, mumupatse madzi a kokonati. Ife adzatipeza titagona kale." Kenaka anandiuza chifuniro chawo: kuti aikidwe kumalo aja a kumtunda, osati pafupi ndi akazi awo, ndipo mikeka yonse ilowe nawo m'manda amodzi. Anafunanso kuti mikekayo inyamulidwe ndi anthu a mudzi, chifukwa ndi abale a mudzi. Ndinati ndidzayenda khomo ndi khomo ndi bubuti. Anandigwira dzanja mwamphamvu, nati: "Imeneyo ayi. Aliyense akhale ndi mpata wokana. Ndikudziwa kulemera kwake."

Choncho, a meya, ndi inu makhansala amene mwabwera kudzatipepesa, sitikubisirani kanthu. Chilolezo chilibe. Manda akumbidwa, ndipo ndi otakata. Ngati pali mlandu, mudzaupeze kwa ine.

Malemuwa asiya ana anayi, Toauea, Meere, Kaeete ndi Tiiroa, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi mchemwali wawo mmodzi, mayi Taake. Abanja akuthokoza abambo mfumu ndi akwaya, namwino wathu, kalaliki wa khonsolo amene wabwera wapansi, anyamata amene akumba manda kuyambira dzulo, amayi amene akhala akuphika, ndi inu nonse a mipingo yonse iwiri amene mwabwera ndi mikeka, nsomba ndi babai. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Mikeka ija ndi iyo mukuiona kuseri kwa bokosi. Muwerenga isanu ndi umodzi. Wachisanu ndi chiwiri uli pamiyendo pa mayi Bwenaua. Anafika kunyumba ya maliro m'mawa uno, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi, n'kundifunsa kuti wa ana ndi uti. Ndinawauza kuti sitingatsimikize kuti Teiti alimo. Andilola kubwereza zimene anayankha. Anati: "Kaya ndi wanga, kaya si wanga, ndi mwana wa munthu, ndipo wadikira mokwana. Ndipatseni."

Pemphero likatha tidikira pang'ono tisananyamuke. Palibe amene aitanidwe ndi dzina, ndipo amene akhale pansi palibe amene amuyang'ane. Umodzi ndinyamula ine. Yotsalayo ikasowa manja, ana a malemu anyamula.

Bambo Tekaiwa, mlamu wanga, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye, pamodzi ndi mizimu ya onse amene mugone nawo lero, amene maina awo akuwadziwa ndi Mulungu. Amen.